Kodi Tidzamanga ndi Chiyani Mitengo Ikatha?

Chaka ndi chaka, chimanga chikalowa m'nkhokwe ndipo chisanu cha mwezi wa Juni chikayamba kuchepa, m'midzi mwathu mumayamba ntchito ina imene tonsefe tikuidziwa. M'mbali mwa madambo ndi pa zulu mumaoneka anyamata atapinda mabuluku, ena akuponda dothi, ena akuthamanga ndi zikombole, ndipo amayi akutsetsereka ndi ndowa kukatunga madzi. Pofika mwezi wa Seputembala mauvuni aima ngati nyumba zopanda makomo, ndipo usiku moto wake umaonekera kutali. Ife amene tinakula tikuona zimenezi sitidabwa nazo konse. Tikaona uvuni pabwalo pa munthu timangoti, "Uyu ndiye wayamba kuganiza za mawa." Koma owerenga athu okondedwa, pali funso limene takhala tikulizemba kwa zaka zambiri: nkhuni zimene zikulowa m'mauvuni amenewa zikuchokera kuti, ndipo zikadzatha ana athu adzamanga ndi chiyani?

Funso limeneli silinatipeze tikuwerenga buku ayi. Linatipeza pa msonkhano wa akulu ampingo, tsiku limene tinakhala pansi kukambirana za mayi wina wamasiye, Mkhristu mnzathu, amene khoma la nyumba yake linagwa ndi mvula ya mwezi wa Febuluwale. Tonse tinavomerezana msanga kuti timumangire ina. Achinyamata analonjeza kuumba njerwa, amayi a Chigwirizano analonjeza madzi ndi chakudya cha ogwira ntchito. Koma pamene mkulu wina waimvi anafunsa kuti, "Nanga nkhuni zootchera tikadula kuti?" m'chipinda monse munangoti zii. Phiri limene tinkadulako kale latsala miyala yokhayokha. Mitengo yachilengedwe yatsala kumanda kokha, ndipo kumeneko palibe amene angayerekeze kulowako ndi nkhwangwa popanda chilolezo cha amfumu. Pamenepo wina anatchula mitengo iwiri ya mango imene ili pakhomo pa mayi yemweyo. Tinayang'anizana. Kodi tikanamumangira nyumba pomulanda mthunzi wake, ndi zipatso zimene adzukulu ake amadya mwezi wa Disembala pamene ufa watha m'nyumba?

Tinabalalika tsiku limenelo osagwirizana kanthu. Zimene talemba panozi ndi zimene tinaphunzira m'miyezi yotsatira, ndipo tikhulupirira kuti mipingo yambiri m'Sinodi yathu ili pa mphambano yomweyi.

Mmene njerwa yootcha inalowera pakati pathu

Makolo athu sankaotcha njerwa. Ankazika mitengo pansi, namangapo nsungwi kapena bango ndi luzi, kenaka n'kuphoma ndi dothi. Pambuyo pake m'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati munafala nyumba za mdindo, zimene dothi lonyowa pang'ono limathiridwa m'chikombole cha matabwa ndi kusinjidwa kufikira litalimba. Njerwa yootcha inadza ndi amishoni pamodzi ndi azungu a malonda ndi a boma. Tchalitchi la St Michael and All Angels ku Blantyre, limene mbusa David Clement Scott anamanga ndi antchito a kuno kuyambira 1888 mpaka 1891, linamangidwa ndi njerwa zoumbidwa ndi kuotchedwa pamalo pomwepo, ndipo liripobe lero lino. Ku Mvera, kumene ntchito inayamba mu 1889, ndi ku Nkhoma, kumene inayamba mu 1896, anyamata ankaphunzira kuwerenga, koma ambiri ankaphunziranso kupala matabwa ndi kuyala njerwa. Pobwerera kwawo ankamanga monga anaonera ku mishoni. Motero nyumba ya ngodya zinayi, ya njerwa zofiira ndi mazenera, inasanduka chizindikiro cha banja lachikhristu lotsogola.

Sitikuwaimba mlandu atate athu aja. Masiku awo anthu anali ochepa ndipo nkhalango inali kufika pakhomo. Ngakhale pa kalembera wa 1966 dziko lonse la Malawi linali ndi anthu ongopitirira pang'ono 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 tinali titapitirira 17.5 miliyoni. Mnyamata aliyense wokwatira amafuna nyumba yake, ndipo n'koyenera kutero. Koma njira imene inali yabwino pamene mitengo inali yochuluka kuposa anthu siingakhalebe yabwino pamene anthu achuluka kuposa mitengo.

Mlandu tikudziimba ndife eni. Ife amene tinali ana asukulu m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tikukumbukira tsiku la 21 Januwale, pamene dziko lonse linkabzala mitengo, ifenso tikunyamula mbande za bulugamu ndi malaina m'manja. Koma mu 1994, boma litachotsa fizi ku sukulu za pulayimale, ana analowa ngati madzi osefukira, kuchokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo ife tinali aphunzitsi achinyamata ophunzitsa pansi pa mitengo. Makolo anauzidwa kuti aumbe njerwa ndi kututa mchenga kuti thandizo likadza lipeze zinthu zili chire. Tinaumba, ndipo pofika nthawi yootcha tinagwetsa mitengo ikuluikulu ya pasukulu pomwepo, ina mwa iyo ndi yomwe ija tinkakolekapo bolodi. Simenti ndi malata zimene ena anatilonjeza zinachedwa zaka zitatu. Uvuni unamera udzu, mbuzi zinkakwerapo, ndipo pamene tinadzauphwasula njerwa zambiri zinali zitafumbutuka. Ana anakhala zaka zitatu zimenezo opanda chipinda, opandanso mthunzi. Mawa lake tinkalowabe m'kalasi kukaphunzitsa za ubwino wa mitengo, choko m'manja, nkhope ili gwa.

Tinene zoona, si njerwa zokha zimene zatha nkhalango. Makala, nkhuni zophikira, fodya ndi kutsegula minda zadya gawo lalikulu. Ku Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera, zinafika poti mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera mitengo chifukwa cha ootcha makala. Koma uvuni uli ndi khalidwe lakelake: sufuna tinthambi timene mayi amatola kukaphikira nsima. Umafuna zipika zazikulu zoyaka usiku wonse, ndiye kuti mitengo imene inatenga zaka makumi angapo kuti ikule. Ndipo pamapeto pake njerwa za kunja kwa uvuni sizipsa bwino, zina zimasweka, kotero kuti mtengo wagwa koma mbali ina ya njerwazo n'zotaya. Kumene kunakumbidwa dothi kumatsala maenje osunga madzi ndi udzudzu, ndipo makolo a ana aang'ono akudziwa mantha amene maenje amenewa amabweretsa nthawi ya dzinja.

Lamulo lafika, koma makina sanafike

Mu 2018 boma, kudzera m'bungwe loyang'anira ntchito za zomangamanga la National Construction Industry Council, linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda. Munthu womanga nyumba yake yogonamo kumudzi sanakhudzidwe mwachindunji. Koma ife a mpingo tisamayese kuti nkhaniyi ikunena za ena, pakuti sukulu zathu ndi zipatala zathu si nyumba za munthu mmodzi. Amene amayenda m'mizinda aona kale kuti mipanda ndi masitolo atsopano akumangidwa ndi mabuloko a simenti.

Lamulo limadziwa kuletsa, koma silimuuza mlimi wa mtedza kuti tsono amange ndi chiyani. Mabuloko a simenti ndi olimba akapangidwa moona mtima, koma mtengo wake ndi wa anthu a malipiro. Ndiponso tisadzinamize kuti iwo alibe mlandu pa chilengedwe. Simenti amaipanga pootcha miyala ya laimu ndi moto waukulu wa malasha, ndipo mchenga wa mabuloko ukukumbidwa m'mitsinje mpaka magombe kugumuka.

Njira yapakati ndi njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zimene zimapanikizidwa ndi makina a manja osafuna magetsi kapena mafuta. Amachotsa dothi lapamwamba la manyowa, natenga lapansi, nalisefa, nasakaniza muyeso umodzi wa simenti ndi miyeso ya dothi ya pakati pa 12 ndi 20, malinga ndi mtundu wa dothilo. Madzi amathira ochepa: ukafumbata dothilo ligwirane, koma ukaligwetsa pansi lisweke zidutswa zingapo, osati kuphwatalala ngati phala. Njerwa zikatuluka m'makina sizifuna dzuwa ayi. Zimafunditsidwa ndi kuwazidwa madzi tsiku ndi tsiku kwa masabata atatu kapena anayi, pakuti simenti imalimba ndi chinyezi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amaziyanika padzuwa monga anazolowerera, ndipo zikafumbutuka amati njira yake ndi yabodza.

Dothi loyenera mukhoza kuliyesa ndi botolo loyera, monga tinachitira ndi ana a Sitandade 7. Thirani dothi kufika gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo, dzazani madzi, khutchumulani kwambiri, ndipo lisiyeni tsiku lathunthu. Mchenga udzakhala pansi, dothi losalala pakati, dongo pamwamba. Mchenga ukaposa theka ndipo dongo likakhalapo lochepa, dothi limenelo ndi labwino. Makande akuda a kudambo, amene amang'aluka m'chilimwe, sayenera. Katondo womata kwambiri amafuna kuonjezeramo mchenga. Ana anakondwa ndi phunziroli kuposa masamu onse a chaka chimenecho, ndipo sabata yotsatira mabotolo anadzaza pawindo la kalasi, aliyense ndi dothi la kwawo.

Nyumba imagwa kuyambira kumapazi ndi kumutu

Koma kwa mayi wathu wamasiye ngakhale simenti yochepa ija inali yambiri, ndipo makina sitinawapeze pafupi. Tsono tinapita kukaona nyumba yakugwayo kuti tidziwe chimene chinaigwetsa, chinthu chimene tikanayenera kuchita tsiku loyamba lomwe. Zimene tinaona zinatichititsa manyazi. Nyumbayo inali ya njerwa zootcha. Zinali zoyalidwa ndi matope, khoma la njerwa imodzi, loyambira pamwamba pa nthaka popanda maziko enieni. Denga linkathera pafupi ndi khoma, kotero kuti madzi ochokera pamalata ankagwera m'tsinde mwa nyumba ndi kudikha pomwepo. Matope a pakati pa njerwa atanyowa, khoma linangokhala pansi, njerwa zake zambiri zili zamphumphu. Pafupi pomwepo pali nyumba ya mdindo ya agogo ena, yofolera ndi udzu, imene ife tinaipeza ilipo pamene tinkafika m'mudzimo tili anyamata. Ili ndi khonde lokwera lozungulira nyumba yonse, denga lake limatsika mpaka munthu kuwerama polowa, ndipo mwini wake amaizira chaka chilichonse. Mvula yomweyo inaiwomba, koma siinagwe.

Pamenepo tinazindikira kuti takhala tikuika ndalama zathu pamalo olakwika. Timagula nkhuni, kulipira ngolo ndi ootcha, ndipo pofika pa maziko ndi padenga thumba lauma. Chonsecho mdani wa khoma ndi madzi, ndipo madzi amalowera kumapazi ndi kumutu. Khoma la zidina, ndiye kuti njerwa zouma ndi dzuwa, likakhala pa maziko abwino ndi pansi pa denga lotambalala, limakhala zaka zambiri, ndipo m'kati mwake mumazizira bwino mwezi wa Okutobala. Ophunzira Baibulo akumbukira kuti njerwa zimene ana a Israeli ankaumba ku Igupto, m'buku la Eksodo, zinali zosakaniza ndi udzu; zimenezo zinali zidina, pakuti udzu umathandiza kuti njerwa isang'aluke pouma. Njerwa zootcha timazipeza pa nsanja ya Babele. Sitikumanga chiphunzitso pamenepa ayi, koma mkulu waimvi uja anaseka kwambiri titamukumbutsa.

Uphungu wa kamangidwe kabwino ulipo kale m'dziko muno. Zivomezi za ku Karonga za mwezi wa Disembala 2009 zitagwetsa nyumba zambiri, unduna woona za malo ndi nyumba pamodzi ndi mabungwe othandiza unakonza malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, ndipo madzi osefukira a Januwale 2015 anaonetsanso kufunika kwake. Chomvetsa chisoni n'chakuti amisiri ambiri a kumudzi, amene ndiwo amamanga nyumba za anthu ambiri, amagwirabe ntchito monga anaonera kwa amalume awo. Zofunika zake si zovuta. Maziko akumbidwe kufika pa nthaka yolimba, amangidwe ndi miyala kapena njerwa zolimba zoyalidwa ndi simenti, ndipo akwere masentimita 30 kapena kuposerapo pamwamba pa nthaka; kumalo a madzi akwere koposa apo. Pamwamba pa maziko payalidwe pepala la pulasitiki lochindikala kuti chinyezi chisakwere m'khoma. Khoma la kunja likhale la njerwa ziwiri, lolukana bwino pangodya, ndipo zitseko ndi mazenera zisayandikire ngodya. Denga lipitirire khoma ndi masentimita 60, limangiriridwe kukhoma ndi waya wolowa mizere ingapo ya njerwa, osati kungolitsamiza miyala pamwamba monga tionera m'midzi yambiri. Denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limapirira mphepo kuposa la gebulo. Ndipo khoma la dothi lisapakidwe pulasitala wa simenti yokhayokha, pakuti amasupuka ndi kubisa chinyezi. Limafuna dothi la mchenga ndi laimu, ndi dzanja la mwini wake chaka ndi chaka.

Pali chinthu chimodzi chimene njerwa ya mtundu uliwonse siingakonze, ndicho malo. Namondwe wa Freddy, mwezi wa Malichi 2023, anapha anthu mazanamazana m'chigawo chakumwera ndi kusiya oposa 600,000 opanda pokhala. Ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche ku Blantyre, matope ndi miyala zinatsika usiku ndi kukokolola nyumba za zidina ndi za simenti zomwe. N'kosavuta kunena kuti anthu asamange m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje. Koma munthu wosauka samanga pamalo otero chifukwa chokonda kuona patali. Amamanga pamene wapeza malo a mtengo umene angakwanitse. Mafumu ndi makhonsolo amene amagawa malo ali ndi gawo lawo pa nkhaniyi, ndipo ambiri a iwo amakhala pa mipando ya kutsogolo m'matchalitchi mwathu.

Nanga ndalama zichokera kuti?

Bungwe la Malawi Housing Corporation, limene linayamba ntchito mu 1964, linamanga nyumba za m'mizinda, makamaka za anthu apantchito. Mabanki amakongoza munthu amene ali ndi chikalata cha umwini wa malo ndi malipiro a mwezi ndi mwezi, pamene ambiri a ife tikukhala pa malo a makolo, ndipo ndalama timaziona kamodzi pachaka tikagulitsa mbewu. Kumapeto kwa 2014 boma linayambitsa ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo, yofuna kufikira mabanja 80 m'dera la phungu aliyense chaka chilichonse. Theka la mtengo linali mphatso, theka linali ngongole yobweza pang'onopang'ono. Nyumba zina zinafoleredwadi, ndipo eni ake akuthokoza. Koma obweza anali ochepa, pakuti ambiri anaiyesa mphatso ya andale, ndipo ndondomekoyo siinapitirire boma litasintha mu 2020. Taonanso kuti kuika malata pa khoma lopanda maziko kuli ngati kuveka chipewa chatsopano munthu wodwala miyendo.

Pali zitsanzo ziwiri zimene ife a mpingo tiyenera kuziphunzira. Choyamba ndi bungwe lachikhristu la Habitat for Humanity, limene Millard Fuller ndi mkazi wake Linda anayambitsa ku America mu 1976, atayesa kale maganizo awo ku Mbandaka m'dziko limene panthawiyo linkatchedwa Zaire. Linafika ku Malawi mu 1986. Maganizo ake oyambirira anali akuti banja ligwire nawo ntchito yomanga nyumba yake, libweze mtengo wa zipangizo popanda phindu, ndipo zobwezazo zimangire banja lina. Chachiwiri ndi cha amayi osauka a ku Mtandire mu mzinda wa Lilongwe, amene mu 2003 anayamba kusonkha tindalama tsiku ndi tsiku m'magulu, nakula kukhala chitaganya cha anthu osowa nyumba m'dziko lonse, mothandizidwa ndi bungwe la CCODE. Thumba lawo analitcha Mchenga, pakuti kamchenga kamodzi sikaoneka koma wochuluka umamanga nyumba. Atapempha malo kwa akuluakulu a mizinda, anamanga nyumba mazana angapo ku Area 49 ku Lilongwe, ku Angelo Goveya ku Blantyre ndi ku Mchengautuwa ku Mzuzu. Ndipo pofuna kuti ngongole ikhale yaing'ono, nyumba zoyambazo anazimanga ndi zidina zoumba okha, m'kati mwa mzinda.

M'midzi mwathu muli kale banki m'khonde ndi chipereganyu. Tichenjeze kuti ngongole ya banki m'khonde, ya chiwongoladzanja cha mwezi ndi mwezi, ndi ya geni. Nyumba siibweza ndalama, ndipo tawaona mabanja akugulitsa mbuzi ndi njinga chifukwa chokongola ndalama zofolera. Koma ndalama zogawana pakutha pa chaka, zimenezo ndizo za nyumba. Ndipo zisagone m'thumba. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene ankasunga ndalama za malata 20 anadzuka m'mawa ali ndi za malata ochepa. Wanzeru amagula malata awiri kapena atatu akapeza ndalama, nawasunga pouma. Misomali, waya ndi mafelemu zimadikiranso. Simenti yokha ndiyo siidikira, pakuti ikakhala miyezi ingapo imagwirana. Igulidwe sabata yomwe ikugwira ntchito. Ambuye anaphunzitsa za munthu wofuna kumanga amene ayamba wakhala pansi kuwerengera mtengo wake. M'midzi mwathu mwadzaza nyumba za zipinda zisanu zimene zinaima pa mazenera zaka khumi zapitazo, eni ake akugonabe m'khitchini. Zipinda ziwiri zomalizidwa bwino, zokhala ndi malo oonjezera m'tsogolo, zikanawasunga bwino koposa.

Tsono mpingo ungachite chiyani? Makina a njerwa ndi okwera mtengo kwa banja limodzi, koma si okwera kwa presibitale, ndipo akhoza kuyenda mpingo ndi mpingo monga zimayendera mbale za Mgonero kupita ku nyumba za mapemphero. Mpingo ukhoza kukhala ndi thumba la nyumba losiyana ndi thumba la chitukuko, lolembedwa poyera ndi kuwerengedwa pamaso pa onse, lokongoza zipangizo osati ndalama, ndipo wobweza abweze malata pa malata, thumba la simenti pa thumba la simenti, kuti kugwa kwa kwacha kusalidye. Tikudziwa kuti ngongole pakati pa abale ndi yovuta. Mtumiki amene amatolera chopereka Lamulungu safuna kukhala wolonjerera ngongole Lolemba. Pachifukwa chimenechi amasiye ndi okalamba asakongozedwe konse, athandizidwe ndi thumba la zachifundo. Ngongole ikhale ya amene ali ndi mphamvu zobweza. Malo a mpingo amene akungomera tsekera abzalidwe mitengo ya milimo ndi nsungwi, pakuti ngakhale nyumba yosaotcha njerwa imafuna mapaso, zitseko ndi mafelemu.

Pali mafunso awiri amene tinafunsidwa ndipo sitiwapeputsa. Anyamata ambiri amadya chifukwa choumba ndi kuotcha njerwa. Kodi tiwalande ntchito? Yankho lathu n'lakuti iwo ndiwo ayambe kuphunzitsidwa makina ndi kayalidwe ka maziko, pakuti dothi amalidziwa kale kuposa ife. Funso lachiwiri ndi lolemera koposa: manyazi. Nyumba ya zidina anthu amaiyesa chizindikiro cha umphawi, ndipo mnyamata amaopa kuti akuchikazi akadzabwera adzaiyang'ana ndi diso lakumbali. Manyazi amenewa sadzachoka ndi ulaliki. Anthu anatsata njerwa yofiira chifukwa anaiona pa tchalitchi, pa nyumba ya abusa ndi ya aphunzitsi. Tikapitiriza kuotcha mauvuni a nyumba za abusa kwinaku tikuuza amasiye kuti zidina n'zabwino, adzatimvera mwaulemu, koma sadzatikhulupirira. Nyumba yotsatira ya mphunzitsi kapena ya mbusa imene mpingo wanu udzamange, imeneyo ndiyo idzayankhe funsoli.

Kwa mayi wathu uja tinachita motere. Njerwa zootcha za khoma lakugwa tinazitola, kuzipala matope, ndi kuziyala ndi simenti m'maziko. Zinakwanira mpaka kukweza nyumba kufika m'mawondo. Matumba a simenti anagulidwa ndi chopereka chapadera cha Lamulungu limodzi pamodzi ndi nkhuku zimene amayi a Chigwirizano anagulitsa. Achinyamata anaumba zidina zosakaniza ndi udzu woduladula, naziumitsa poyamba pansi pa udzu kuti zisang'aluke. Malata akale tinawawongola, n'kuonjezerapo atsopano kuti denga lipitirire khoma mbali zonse, ndipo tinakumba ngalande kumtunda kwa nyumba yopatutsa madzi. Mwana wawo wa m'tauni atabwera kudzaona sanakondwe. Anatiuza m'maso muli gwa kuti mpingo wabweza amayi ake m'mbuyo, ndipo akulu ampingo awiri amene anatsutsa kuyambira pachiyambi anagwedeza mitu movomereza. Ife sitinakangane naye. Tapangana kuti mwezi wa Epulo, mvula ikadzatha, tidzapite tonse pamodzi ndi mmisiri kukayendera khoma lililonse, ndipo zimene tikapeze, zabwino kapena zoipa, zidzalembedwa m'buku la msonkhano tisanakambe za nyumba ya mphunzitsi imene ikudikira. Pamene tikulemba pano mitambo yayamba kusonkhana kummawa, ndipo mitengo iwiri ya mango ija yabereka kwambiri chaka chino, mpaka nthambi ina taichirikiza ndi mphanda.